Ndinkati Ndi Tsempho

Tinasamukira ku Chitipa mwana wathu wachiwiri atangosiya kuyamwa. Ndinamuletsa bere msanga chifukwa ndinali ndi pakati pena. Bambo ake ankapikula nyemba ku Misuku n'kumakagulitsa kumalire a Tanzania, ndipo ankatha masabata osaoneka. Ine ndinkatsala ku Lufita, m'nyumba ya lendi yodzaza matumba.

Mwana atayamba kutupa mapazi ndi masaya, mlandu ndinauweruza ndekha. Kwathu ku Dedza mwana akatupa timati ndi tsempho, kholo lina layenda njira zosayenera. Ine ndinkadzidziwa, ndiye wotsala anali ndani? Ndinapsa mtima, koma manyazi ndiwo anakula. Sindinkafuna kuti anthu a kuno aone pathupi pa mwana wanga zimene mwamuna wanga amachita kumalireko. Ndinkamuveka masokosi n'kumusunga m'nyumba. Tsitsi linafiira, khungu linayamba kusupuka, kenako kunabwera chifuwa. Thupi silinkatentha, choncho ndinkadziuza kuti si matenda a kuchipatala.

Tsiku lina mayi woyandikana nafe, wogulitsa tomato, anadzabwereka lichero n'kumupeza ali gone pamphasa. Anamutambasula chikhatho, chili mbuu.

“Mama, mwana uyu walije ndopa!” Ataona kuti sindinamve anabwereza, “Magazi mulibe. Tiyeni kuchipatala sono.”

Kumeneko anamuika magazi, n'kumuyamba jakisoni wa chibayo ndi mkaka wapadera. Namwino anati thupi la mwana wotere limasowa ngakhale mphamvu yotenthera, matenda amangolowa mwakachetechete. Kenako anandifunsa, amayi onse a m'wodimo akumva.

“Amadya chiyani?”

“Phala la ufa woyera.”

“Mumathiramo chiyani?”

“Shuga.”

“Nsinjiro, dzira, nyemba?”

Mayi wa tomato uja anafuna kunditeteza, kuti asatiyese amphawi. “Nyemba ŵali nazo zinandi, nyumba yonse matumba!”

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Zoti nyemba za malonda zingalowe m'phala la mwana sizinandibwererepo m'mutu.

Bambo ake anafika mwana atayamba kuphwa, akutha kukhala tsonga. Anabwera ndi fumbi la m'njira mpaka m'nsidze. Anagwada pambali pa bedi n'kugwira kaphazi kosupuka kaja.

“Mayi a mwana, adokotala akuti n'chiyani?”

Ndinayang'ana pansi. “Akuti njala.”

“Njala? M'nyumba mwanga?”

Sanandikalipire. Anangokhala pasimenti pomwepo, munthu wamkulu, n'kuyamba kundipepesa.