Amayi Oletsa Nkhwangwa ku Chidzolomondo

Amayi oyandikana nane nyumba amandidyetsa nsanje, ndipo sindibisa. Chithawireni nkhondo apulofesolo athu amene ankatiphunzitsa, sikola ya akuluakulu kuno ku Chidzolomondo amayendetsa ndi amayiwa, pansi pa mtengo wa mbula. Satiphunzitsa zilembo zokha ayi. Amabwera ndi masamba atamanga pansalu n'kumatifunsa mayina ake, kenako amatichenjeza kuti moto wolusa umatha mphalabungu ndi njuchi. Pakamwa pawo sipachoka mawu akuti, "Mtengo wa zipatso sudulidwa, umapemphedwa." Ine ndikanena zomwezo anthu amayasamula, koma akanena iwo ngakhale madoda amavomera.

Chaka chatha anthu a mfuti atatentha nkhokwe zathu, tinathawira m'nkhalango ya masuku imene amayiwa anatiumiriza kuti tisalimemo. Ana athu anapulumukira masuku ndi bowa.

Tsiku lina amuna anga anatenga nkhwangwa kuti agwetse msuku timangire msasa.

"Bambo a Lucinda, usiyeni, ukubereka umenewo," ndinatero ine. Anangondiyang'ana n'kulavulira m'manja.

Amayi aja anatulukira ndi mtsuko pamutu, n'kufunsa motsitsa mawu, "Achimwene, mawa anawa adzadya nkhwangwayo?"

Amuna anga anaitula pansi pomwepo, n'kupita kukatola mitengo youma. Pobwera anandiuza mosangalala kuti, "Amayi aja ndi anzeru, iwe uziwamvera."

Ine ndinasankha masuku okupsa bwino n'kugawira ana, ndipo bambowo ndinawaikira osapsa okhaokha.