Njerwa za Masana

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chilimwe chimene khoma la nyumba yathu ku Mwadzama linapendama. Bambo anali atamwalira, ndiye amayi anaitana achimwene awo, amalume a Saidi, kuti atiumbire njerwa timange ina. Mantha athu anali chizimalupsa, mvula yoyamba ija. Ikanapeza njerwa zosawotcha zikanasanduka phala, ndipo dzinja lonse tikanagona m'nyumba yofuna kutigwera.

Amalume ankatidzutsa kusanache. Ine ndi mlongo wanga Yusufu tinkatunga madzi ndi kuponda dothi, iwo n'kumaumba ndi chikombole. Koma dzuwa likangofika pamutu ankafunditsa njerwa udzu, n'kutsuka chikombole chija, basi, ulendo wa kunyanja ife tili pambuyo.

Amayi zinkawanyansa kwabasi. "Achimwene, ndinakuitanirani njerwa kapena kudzasambira ngati bakha? Mitambo ija simukuiona?"

"Achemwali, dzuwa ili ndi la anthu osamba," ankayankha amalume, uku akuseka.

Lachisanu lina amalume anapita kumzikiti, ndipo amayi anati lero ndiye tiumba mpaka madzulo. Tinaumbadi, mapazi akupsa, thukuta lili kamukamu, udzu wofunditsira osaukumbuka n'komwe. M'mawa mwake njerwa zonse za masana zinali ming'alu yokhayokha. Ukati uinyamule, inkathyoka pakati ngati chigumu. Amayi anangokhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira, ine mtima unandiwawa zedi.

Amalume sanakalipe. Anatola chibenthu chimodzi, n'kuchiyang'ana. "Dothi likauma mothamanga limang'aluka, achemwali. Dothili tilipondanso mawa. Asiyatu, atenge amayi ako upite nawo kudooko."

Amayi anapita monyinyirika. Titafika padooko la akazi anati iwo angotsuka mapazi, ntchito ikudikira. Ine mwachibwana ndinawawaza madzi kumsana. "Iwe mwana iwe!" Anandithamangitsa ndi chitenje chomwe, kenaka ndinangomva phava! Nditacheuka, amayi akusambira, ndipo anapitirira bwato limene linali chapatali, n'kuvuuka mpango utapita ndi madzi, akuseka mpaka kutsamwa. Ine kukamwa yasa. Sindinkadziwa kuti amayi anga amatha kusambira, ndipo chiyambire maliro a bambo ndinali ndisanawamve akuseka.

Kuyambira tsiku limenelo tinkaumba m'mawa, masana tonse kunyanja. Uvuni tinauwotcha, ndipo chizimalupsa chinagwa njerwa zitazizira kale. Nyumbayo ilipobe.

Lero ndimagulitsa nsalu pa Dwangwa, ndipo chilimwe chikafika ndimachiona ngati mdani: fumbi pansalu, malata akuthetheka, ine n'kumadzikupiza ndi katoni. Akuluakulufe timangodandaula kutentha, timaiwala kuti nyengo imeneyi ndi imenenso nyanja imafunda, misewu imayendeka, mango amayamba kupsa. Ntchito siitha, koma chilimwe chimatha. N'chifukwa chake Lamlungu ndimakhoma sitolo, ngakhale anzanga anene kuti ndakhuta, n'kukwera minibasi ndi ana anga kupita ku Mwadzama.

Amayi akalamba tsopano, amayendera ndodo, maso akuchita chidima. Koma tikafika timawapeza ali pakhonde la nyumba ija, chitenje chosinthira chili paphewa. Moni amachita kudula.

"Mwachedwatu inu," amatero akudzuka. "Asiyatu, ndigwire dzanja. Dzuwa ili ndi la anthu osamba."