Ankataipa Mawu Osawaona

Tsiku limene anamuuza kuti asabwerenso kuntchito, mayiyu sanalire. Anangonyamula kapu yake ndi nsapato zosinthira, n'kutsika masitepe atagwira khoma.

Anali mlembi pa ofesi ina ya maloya kwa zaka khumi ndi zinayi. Zala zake zinkathamanga pa kiyibodi moti abwana ankachita kumuseka kuti, "Pang'onopang'ono mayi, makinawo sanakulakwireni." Koma atadwala kwambiri n'kuchira, maso ake sanabwerere mwakale. Kuona ankaona ndithu, koma kuwala kunkamubaya ngati singano. Akayang'ana sikirini yoyera kwa mphindi khumi, misozi inkayamba kuchucha, mutu n'kumagunda mpaka mseru. Adokotala anati mankhwala ake ndi kupewa kuwala basi. Ofesi inamupirira miyezi itatu, kenako inalemba wina.

Anasamukira m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ina. Mwamuna wake anali atamwalira kalekale, ndipo mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo, anali kutali ndi banja lake. Pawindo anakhomapo bulangete lakale. Akamatuluka ankavala magalasi akuda, ndiye anthu a mumsewumo anangomutcha Anamagalasi. Anzake a kuntchito anaimba foni mwezi woyamba. Mwezi wachiwiri anatumiza timauthenga. Wachitatu, zii.

Masiku ambiri ankangokhala pabedi, kumvetsera mapazi a anthu opita kuntchito. Nthawi zina ankadzidzimuka kuona zala zake zikutaipa pa bondo.

Tsiku lina kunabwera mlongo wake, dalaivala wa magalimoto akuluakulu, amene ankaoneka kamodzi pa miyezi ingapo. Anali atanyamula laputopu yakale imene kuntchito kwawo ankafuna kutaya.

"Achemwali, iyi ndi nkhalamba ngati ine," anatero, "koma mwina muziikamo nyimbo. M'nyumba musamakhale ngati m'chipatala."

Anamwa madzi, n'kupitiriza ulendo wake.

Laputopuyo inali nkhalambadi. Ukaiyatsa, unkatha kusesa, kuyala bedi, kuwiritsa madzi, iyo idakaganizabe. Ikatsegula inkafwenthera ngati ikukoka katundu pachitunda, sikirini ili mbee. Mayiyu anapita nayo kwa wokonza makompyuta wa pakona, m'kashopu kodzaza mawaya ndi fumbi.

"Mayi, makinawa sanafe," anatero wokonzayo. "Chikuwalemera ndi sisitimu, pulogalamu yaikulu ija imene imayendetsa zonse m'katimu. Ilipo ina yopepuka, yaulere, yoyenera makina akale. Koma onani mulu wa ntchito uli apawu. Ndikuikirani pa fulashi, mukadziikire nokha."

"Ine? Ine ndimangodziwa kutaipa."

"Kuwerenga mumatha? Basitu. Ikakufunsani, muziyankha."

Ulendo woyamba laputopu inakana kuona fulashiyo. Ulendo wachiwiri magetsi anathima ntchito ili pakati. Tsiku lachitatu, atavala magalasi ake, akuwerenga mzere umodzi n'kutsinzina kaye, anayankha mafunso onse mpaka kumapeto. Makina anazima okha n'kuyakanso, ndipo asanakhazikike n'komwe pampando, zonse zinali zitatseguka.

Akufufuza m'masetingi anapeza malo osinthira maonekedwe. Panali oyera, panali akuda. Anadina akudawo. Sikirini yonse inada bii, zilembo n'kusanduka zoyera, zofewa. Anavula magalasi pang'onopang'ono, akudikira singano ija. Sinabwere. Anakhala pamenepo ola lathunthu, maso ali gwa, popanda dontho la msozi. Kenako anaseka, ndipo anadzidzimuka ndi mawu ake omwe, chifukwa anali atatenga nthawi asanawamve.

Sabata yomweyo anapeza pa intaneti kampani imene inkafuna anthu omvetsera mawu ojambulidwa pa misonkhano n'kumawataipa ali kunyumba. Inali ntchito yake yeniyeni. Koma panali mayeso, ndipo mayesowo ankalembera mu bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti.

Apa ndi pamene zinavuta. Atayamba mayeso, kabokosi kolembamo kanatuluka koyera, ndipo zilembo zimene ankataipa zinalinso zoyera. Ankangoona kamzere kophethira kaja kakuyenda, kumbuyo kwake kulibe kanthu. Wotchi ya mayeso inali itayamba kale kuwerenga. Anatsinzina, n'kudalira zala zake monga ankachitira kale, ndipo anatumiza.

Patapita masiku awiri yankho linabwera: "Pepani, zimene mwatumiza sizikuwerengeka. Mutha kuyesanso kamodzi kokha pakatha mwezi."

Anatsegula zimene analembazo. Dzanja lake lamanja linali litasuntha ndi batani limodzi kuyambira pa mzere wachiwiri, ndipo masamba atatu onse anali zopanda mutu. Munthu amene maloya ankasaina makalata ake osawerenga kachiwiri! Anatseka laputopu, n'kuikankhira kunsi kwa bedi.

Inakhala kumeneko masiku asanu. Lachisanu masana anaimbira foni mwana wake, kuti angomuuzako munthu.

"Amayi, mwana akulira apa, ndikuimbirani posachedwa," anatero mwanayo.

Anadikira foni ili m'manja mpaka dzuwa kupendeka. Sinalire. Sanamukwiyire, ankadziwa kuti nayenso ali ndi zake. Koma pamenepo anamvetsa chinthu chimodzi, ndipo anachinena mokweza m'chipinda chopanda munthu:

"Palibe akubwera. Ndiye dzuka iwe mwini."

Anagwada, n'kuitulutsa laputopuyo.

Anayamba kwa wokonza uja. Iye anangoti, "Bwezerani zoyera zija, mayi, vuto latha."

"Zoyerazo ndi zimene zinandichotsa ntchito."

Wokonzayo anakanda m'mutu. "Apo ndiye mwandigwira. Sindikudziwa."

Analemba funso lake pa tsamba lina limene ogwiritsa ntchito sisitimuyo amathandizana, akulitaipa kaye pena n'kulimata m'kabokosi, poti nakonso sikankaonetsa zilembo. M'mawa uliwonse ankapitako kukaona. Tsambalo linkasonyeza kuti anthu khumi ndi mmodzi aliwerenga. Woyankha panalibe. Kusungulumwa kwa m'chipinda ankakudziwa, koma uku kunali kwina: kugogoda pakhomo ukumva anthu akuyenda m'katimo.

Ndiye anagula kope ndi cholembera chonenepa. Chilichonse chimene wasintha ankachilemba, kuti chikalakwika adziwe pobwerera. Tsiku lina zilembo zinaoneka koma mabatani onse anasowa. Tsiku lina bulawuza inakaniratu kutseguka, mpaka anaichotsa n'kuiikanso. Maso akatopa ankaika kansalu konyowa kumaso, kupuma, n'kuyambiranso. Kopelo linafika pakati.

Tsiku la makumi awiri ndi chimodzi, akuwerenga zimene analemba, anaona chimene chinkachitika. Mtundu wa kabokosi unkachokera ku tsamba la pa intaneti. Mtundu wa zilembo unkachokera ku maonekedwe akuda a kompyuta yake. Wina akupereka pepala loyera, wina inki yoyera, aliyense akuti wagwira ntchito yake.

"Inu awiri simukambirana eti?" anaifunsa laputopuyo.

Analowa m'masetingi a bulawuza, kunsi kwenikweni, pamene pamakhala za zilembo ndi mitundu. Anapeza kachizindikiro kouza bulawuza kuti izibwereka mitundu ku sisitimu. Anakachotsa. Kenako anasankha yekha: kumbuyo kukhale kwakuda, zilembo zikhale zoyera, ndipo analamula kuti zikhale choncho pa tsamba lililonse, lifune lisafune. Anatseka bulawuza n'kuitsegulanso.

Kabokosi kanatuluka kakuda. Anataipa liwu limodzi: Ndilipo.

Linaoneka. Zilembo zisanu ndi ziwiri, zoyera, zili ndondondo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Panalibe womuuza, choncho anangodziombera m'manja kawiri, n'kulemba m'kope tsikulo.

Mwezi utakwana analembanso mayeso aja, akuona liwu lililonse likutuluka pansi pa zala zake. Anamaliza nthawi isanathe. Yankho linali lalifupi: "Mwakhoza. Mungayambe Lolemba?"

Asanayambe ntchitoyo anabwerera ku funso lake lija, limene linali likadali lokha, n'kulemba yankho pansi pake, sitepe ndi sitepe, m'mawu osavuta. Anaganiza kuti mwina wina adzafika pakhomo lomwelo.

Patapita miyezi iwiri panabwera uthenga kuchokera kwa bambo wina wosamudziwa, mphunzitsi wopuma ntchito, wa maso ovuta ngati ake. "Mayi, sindikudziwani," analemba choncho, "koma ndinali nditasiya kulemberana ndi ana anga chifukwa cha vuto lomweli. Lero ndawalembera. Zikomo."

Lero mayiyu akugwirabe ntchito ija, ndipo misonkhano yovuta, ya anthu olankhula mopikisana, amaitumiza kwa iye. Wokonza wa pakona akalandira laputopu yakale ya munthu wodandaula maso, amangoloza ndi sikuludiraiva: "Pitani kuseri uko kwa Anamagalasi, amenewo ndiye adokotala a zimenezi." Sitinganame kuti kusungulumwa kunatheratu. Amadyabe yekha. Maso sanachire. Koma pa sabata anthu awiri kapena atatu amagogoda, ndipo anachita kugula mpando wachiwiri.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwafunsa ndipo palibe wakuyankhani. Mwina munayesa ndi mphamvu zanu zonse, zotsatira zake n'kukuchititsani manyazi. Kulephera tsiku limodzi sikutanthauza kuti luso lanu latha; nthawi zina pangokhala kanthu kamodzi kamene sikanakhale m'malo mwake. Kafufuzeni. Sinthani chimodzi lero, china mawa, ndipo muzilemba zimene mwaphunzira. Ngakhale muli nokha, ngakhale palibe wokuomberani m'manja, musataye mtima. Dzukani, mukayesenso.