Akuti mphatso yanga ndi miyendo

Anandilanda makina owotcherera zitsulo. Sanandimenye, sanandichotse ntchito. Anandilanda akuwomba m'manja.

Nditasiya sukulu ndili Folomu 2, malume anandipezera malo pa shedi ina ku Chirimba yopanga mafelemu a zitseko ndi mawindo. Ndinayamba ndi kusesa, kenako kudula zitsulo, mpaka madala ena a ku Nsanje, omwe anali owotcherera aakulu pamalopo, anayamba kundisiyira makina akamapita kokadya. Dzanja langa linali litayamba kukhazikika. Ndinkadziwa kuti luso limeneli ndikaligwira, sindidzapemphanso munthu.

Pa shedipo tinkakangana tsiku ndi tsiku, ndiye abwana anaitana mayi wina wa ku bungwe lina kuti atiphunzitse kugwira ntchito mogwirizana. Anatikhazika mozungulira pa zidebe za penti. Anati tisiye kulozana zala, aliyense anene chimene mnzake amachita bwino, ndipo ntchito igawidwe motsatira zimenezo.

Itafika nthawi yonena za ine, palibe amene anatchula za kuwotcherera. Ndani akananena kuti mwana wa dzulo amawotcherera bwino, madala ali pompo? Kumeneko n'kunyoza akulu. Mmodzi anatulutsa mawu oti ndikatumidwa ku msika wa Ndirande ndimabwerako msanga, komanso ndimadziwa kunenerera mtengo. Onse anavomereza. Mayi uja anandifunsa ngati ndili ndi choonjezera. Ndinayang'ana madala aja, iwo maso ali pansi. Kwathu sitidzitama pagulu. Ndinati palibe.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unakhala wa m'minibasi. M'mawa Ndirande, masana Limbe, zitsulo paphewa, kulimbana ndi makondakitala okana katundu. Mikangano pa shedi inathadi, ndipo abwana ankauza aliyense kuti maphunziro aja anathandiza. Makina anapatsidwa kwa mphwawo wa abwanawo, amene gulu linati ndi wodekha.

Nditatopa nazo ndinapita kukadandaula. Abwana sanadzutse n'komwe mutu.

"Iwe, si anzako omwe anakusankha? Ukufuna ndiphwanye zimene gulu linagwirizana?"

Madala aja ndinawapeza kuseri akusuta fodya. Anati akumvetsa, koma nawonso ali ndi ana, sangayambitse nkhani. Anandipatsa magalasi awo akale akuda owotcherera, akuti ndisunge, mwina tsiku lina zidzasintha.

Ndinawaponya m'thumba. Tisanamalize kulankhula ndinamva abwana akundiitana. Penti anali atatha, ndipo wotumidwa ndinali ine.