Timibulu pa Chipsera

Bere langa lakumanzere analidula ku Tete, m'mwezi wotentha. Adotolo anati ndi kankro, nthenda imene anzathu a ku Malawi amati khansa. Nditabwerera kwathu ku Ntengo-Wambalame ndinaphunziranso kugwira khasu ndi mkono wotupa, ndipo m'kamisolo ndinkapindiramo kansalu kuti malaya asaphwe mbali imodzi. Lamulungu lina ndinaimirira pamaso pa mpingo n'kunena kuti ndachira. Amayi anzanga analuluta. Sindinaname, inenso ndinkakhulupirira zomwezo.

Panapita mvula ziwiri. Tsiku lina titaweruka kokumba kachewere ndinalowa m'bafa, ndipo podzikhula ndinamva timibulu titatu m'munsi mwa chipsera, tolimba ngati khobwe wouma. Sitinkawawa. Ndinati mwina chandiluma china chake kumunda. Mwezi usanathe tinakwana tisanu ndi tiwiri, khungu lozungulira litafiira, ndipo kamodzi kanaphulika n'kuyamba kutuluka madzi.

Sindinauze munthu. Amuna anga ndinkawafulatira povala. Malaya anga ndinkachapa padera n'kuyanika kuseri kwa nkhokwe. Imfa ndinkaiopa, inde, koma chimene chinkanditsekera pakamwa kwenikweni chinali manyazi. Ndikawauza chiyani anthu amene anandilulutira?

Amene anandigwira ndi akulu anga, amene ndimawaitana kuti mana, omwe anakwatiwa ku Furancungo. Ndiwo anagona pansi pa bedi langa nthawi ya operasau. Anabwera kudzatenga mbewu ya nyemba, ndipo tikupeta pabwalo ndinakweza lichero, iwo n'kuona banga pamalaya.

"Ichi n'chiyani?"

"Thukuta, mana."

"Thukuta lachikasu? Tiye m'nyumba."

Nditavula sanakuwe. Anakhala pampando n'kuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti zinayamba liti. Nditati miyezi iwiri, anandimenya pabondo ngati ndili kamwana.

"Iwe, ine ndinakusambitsa usanayambe kuima. Lero ukundibisira chiyani?"

Anawaitana okha alamu awo, amuna anga, kuchokera kukhola. Amuna anga anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Koma si anachotsa lonse?" anafunsa. "Nanga yabwerera pati, poti berelo kulibe?"

Funso lomwelo ndi limene linkandidya ineyo.

M'mawa mwake tinakwera mota, njinga yamoto, mpaka kuchipatala chathu chaching'ono. Anamwino atangoona analemba giya, kalata yotitumiza ku Tete, n'kutiuza kuti tisachedwe. M'shapa, minibasi ya ku Tete, ndinakhala ndi chikwama pachifuwa kuti munthu asandigunde ndi chigongono. Kutsika kuchoka kumapiri kwathu kunkatentha pang'onopang'ono, ndipo bala linayamba kununkha. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anatembenukira kuzenera.

Ku Tete anadula kachidutswa ka khungu kukapima, ndipo tinabwereranso patapita masabata angapo. Adotolo, mayi wachichepere, analankhula m'Chipwitikizi, anamwino akumasulira. Anati nthendayo imasiya timbewu tosaoneka ndi maso, ndipo tina tinatsalira m'khungu.

Amuna anga anati, "Ndiye dulaninso."

Adotolo anapukusa mutu. Anati timibulu tamwazikana kwambiri, akadula khungu silikumana. Chotsala ndi mankhwala a m'soro, olowa m'mitsempha, oti achepetse liwiro la nthendayo.

Ndinafunsa ndekha, m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka: "Ndichira?"

Anandiyang'ana m'maso. "Kuchiriratu sindingakulonjezeni, mayi. Koma sitikusiyani."

Panja amuna anga anandigulira malalanje, kenaka anaiwala n'kuwasiya pabenchi.

Tsopano ndalandira soro kanayi. Tsitsi lapita kachiwiri. Timibulu tina taphwa, koma bala lija silikutseka, ndipo mwezi watha ndinapeza kena katsopano chakukhwapa. Amene amanditsuka ndi amuna anga, ndi madzi owiritsa othira mchere monga anatiphunzitsira anamwino. Manja awo anazolowera goli ndi chingwe cha ng'ombe, poyamba ankandipweteka. Pano amapukuta pang'onopang'ono, akupuma ndi pakamwa poganiza kuti sindikuona.

Chondiwawa kwambiri ndi mdzukulu wanga wamkazi, wa miyezi isanu ndi itatu. Akandiona amatambasula manja, ine n'kumukhazika pamwendo moyang'ana uko, kuti asagunde pachifuwa. Amapotoloka, amalira, amake n'kumutenga.

Akulu anga amandiimbira foni Lachisanu lililonse. Sabata latha anafunsa ngati chaka chino ndibzala.

"Kamunda kakudimba kokha," ndinatero.

"Ukwanitsa?"

"Sindikudziwa, mana."

Anati abwera mvula isanagwe kudzandiunjikira mizere.