Chijasi cha Abambo Pachithaphwi

Ndikukumbukira chaka chathu chachiwiri ku South Bend, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, ndili ndi zaka khumi, pamene sutikesi yaikulu ya amayi inatsika pamwamba pa wadiropu n'kukhala pafupi ndi chitseko. Palibe anandiuza tanthauzo lake, koma mwana si chitsiru. Abambo anatibweretsa kuno ndi malonjezo a pakamwa pokoma, akuti akangomaliza sukulu tidzadya n'kutaya. Chimene tinapeza ndi kanyumba konunkha kapeti yonyowa, kuzizira kolowa m'mafupa, ndi ntchito ya amayi yosambitsa nkhalamba za eni. Amayi anali atasiya kuwalalatira abambo. Ankangoika chakudya patebulo n'kuchokapo, ndipo ine ndinkaopa bata limenelo kuposa mkangano. Ndinawamva akuuza mnzawo pafoni kuti Epulo akafika, iwo ndi ine tibwerera ku Zomba, abambo atsale ndi mabuku awowo.

Masiku omwewo kusukulu anatipatsa sewero la mbiri yakale. Ine anandisankha kukhala nduna ya mfumukazi ina ya ku England, munthu woyenda panyanja kufunafuna maiko. Amati tsiku lina mfumukaziyo inafika pachithaphwi, ndipo ndunayo inavula mkanjo wake wodula n'kuuyala pamatope kuti mapazi a mfumukazi asade. Abambo atawerenga pepala langa anamukonda munthuyo ngati m'bale wawo. Anakwera basi kupita ku laibulale n'kubwerako ndi nkhani zodzaza dengu: kuti dziko limene anthu ake anafikako analitcha dzina lolemekeza mfumukazi yake, kuti mfumukaziyo itamukwiyira n'kumutsekera m'ndende iye ankailemberabe makalata oitamanda, kuti anawoloka nyanja kukaisakira mzinda wa golide n'kubwerako chimanjamanja. Apa amayi, amene ankasita yunifolomu pakona, anatsegula pakamwa koyamba sabata imeneyo.

"Ameneyo ndiye ndikumudziwa," anatero osadzutsa mutu.

Abambo anangoseka mwamanyazi, koma sanasiye kundiphunzitsa. Ankati kugwada kwa pachithunzi, kwa bondo limodzi, n'kwa munthu womanga nsapato. Anandionetsa kugwada kwenikweni: mawondo onse pansi, maso pansi, manja pamodzi. Mkanjo ndinalibe, ndiye amayi anandiponyera chitenje chawo chakale. Abambo anandifotokozera kuti kwathu nsalu imayalidwa kuti apondepo munthu amene mwamulemekeza, kaya mkwatibwi kaya m'busa watsopano, ndipo woyaliridwayo salambalala. Akalambalala ndiye kuti wakukanani pamaso pa anthu.

Za sewerolo ndikukumbukira zochepa: fungo la polishi m'holo, ndi ndevu za thonje zimene zinkandiyabwa koopsa. Ndinagwada monga anandiphunzitsira, ndinayala chitenje. Mfumukazi yanga, kamtsikana ka tsitsi lofiira, kanachiyang'ana, kanaopa kuchidetsa, n'kuchilumpha ngati chule. Makolo onse anaseka n'kuwomba m'manja, kupatula amayi. Ndinawaona akupukusira mutu kamtsikanako, ndipo ndinadziwa mawu amene anali pamilomo pawo: mwana wopanda mwambo.

Titatuluka tinakaima pokwerera basi. Unali mwezi wa Malichi masana, chipale chofewa chikusungunuka, m'mphepete mwa msewu muli madzi akuda osakanikirana ndi mchere wosungunulira chipalecho ndi mafuta a galimoto. Basi inaima motalikirako, ndipo pakati pa chitseko chake ndi amayi panali chithaphwi. Amayi anali atavala nsapato zawo za kutchalitchi. Ndisanazindikire, abambo anavula chijasi chawo, chokhacho chimene anali nacho, chogula pa kaunjika, n'kuchiyala m'madzimo. Kenako anagwada pambali pake, mawondo onse awiri, ali ndi shati yokha.

"Bambo a Mphatso, mwapenga? Muferatu apa. Anthu akutiona."

"Golide sindinamupeze, mayi," anatero abambo, mano akugundana. "Chimene ndili nacho n'chimenechi."

Kumanja kwa chijasicho kunali kamalo koumirako, kokwanira bwinobwino phazi la munthu wofuna kulambalala, ndipo amayi anakayang'ana. Dalaivala ankadikira, chitseko chili pululu. Anthu a m'basi anaunjikana pamawindo. Amayi anakonza kachikwama kawo paphewa, anadzutsa mutu, n'kuponda. Sanaponde monyang'ama ayi. Anaponda ndi mapazi onse awiri, pakati penipeni, madzi n'kuchita kuti phwa.

M'basimo anawalalatira abambo njira yonse: za chibayo, za manyazi, za munthu wamkulu wandevu zake kuchita masewero a ana pamsewu. Ankalalata uku akuwafunditsa chitenje chija pamapewa. Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati kulalata kumeneko. Loweruka lake sutikesi inabwerera pamwamba pa wadiropu, ndipo anaikweza okha amayi.

Lero ndimakhala ku Lawrence, kuno ku Indianapolis, kumene munthu amakwerera galimoto m'galaji ya pakhomo n'kukatsikira m'galaji ina, osaonana ndi chithaphwi chaka chonse. Ana anga ndikawalankhula Chichewa amayankha Chingerezi, ndipo nkhani ya ndunayo amati n'kutheka sinachitike n'komwe. Mwina akunena zoona. Ya abambo anga ndiye ndinaiona ndi maso angawa, ndipo mpaka lero sindinakumanepo ndi mwamuna wolimba mtima kuposa amene anagwada m'matope tsiku lija.

Abambo anatisiya chaka chatha, tsiku la mvula. Bokosi likutuluka m'tchalitchi, amayi anamasula chitenje chawo n'kuchiyala pakhomo, pansi ponyowa. Onyamula bokosiwo anali anyamata obadwira konkuno, mwana wanga wamkulu ali kutsogolo, ndipo mwaulemu wawo anayamba kukhota kuti asachidetse. Amayi anakweza dzanja.

"Iyayi," anatero. "Pondani."