Chitini Chimene Chinaitanitsa Wapolisi

Bambo ena othawa nkhondo ku Tete, okhala kuseri kwa msika wa Mwanza, sataya wailesi yakufa. Amazulamo tizitsulo uku akuti, "Amafa ndi munthu, osati waya." Ampulifaya yawo yokwezera mawu a wailesi anaipangira m'chitini cha mafuta ophikira, ndipo akalumikiza mahedifoni, ngakhale akazi awo akuwe samva.

Anansi anayamba kunong'ona kuti bambowa amalankhula ndi zigawenga. Tsiku lina kunabwera wapolisi. Bambowo, thukuta lili kamukamu poopa kubwezedwa kunkhondo, anamuveka mahedifoniwo. Gitala inalira ngati woimbayo wakhala pamphasa pomwepo. Wapolisiyo anatsinzina, phazi likugunda pansi, mpaka mabatire anatha.

"Bwana, mwaupeza mlandu?" anafunsa bambowo.

"Kufufuza sikunathe," anatero wapolisiyo. "Mugule mabatire ena, ndibweranso Loweruka."